Mchere pa Chitenje cha Chipani

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ndikufuna kuchitira umboni. Mukudziwa kuti ndinasowa muno kuyambira nthawi yokolola mpunga mpaka mvula yoyamba. Sindinkadwala ayi. Anali manyazi.

Abusa anandisankha kuti ndiyambitse gulu la mapemphero a amayi kwathu ku Chia. Anati, "Mayi, lembani mayina a ofuna, kuti tikakhala ndi uthenga tizidziwa khomo logogoda." Ndinayenda khomo ndi khomo, koma anthu akaona cholembera ankakumbuka masiku a makadi a chipani okakamiza aja, n'kunena kuti, "Tiganize kaye."

Ndiye ndinayang'ana a ndale. Pajatu masiku ano a matipate, akafuna anthu amagawa zinthu. Ndinati nanenso ndigawe kanthu kaulere. Sindinapemphere, abale anga, Abusa sindinawafunse. Ndinasinthanitsa mpunga wanga ndi thumba la mchere, n'kulengeza kuti wolembetsa dzina alandira kapu imodzi.

Tsikulo ndinatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango. Tebulolo linali lothimbirira, la mamba a nsomba okhaokha, ndiye ndinati ndiyalepo nsalu. Nsalu yatsopano m'nyumba mwanga inali imodzi yokha, chitenje cha chipani chomwe ndinalandira pamsonkhano. Ndinayala chomwecho, nkhope ya mtsogoleri pamwamba, mchere pambali pake. Musaseke amayi, ine ndinangoona kuti n'chatsopano!

Anthu anabwera, anabwera! Asodzi anasiya maukonde. Wina analembetsa mwana wa kumsana, wina analembetsa agogo ake omwe tinawaika m'manda chaka chatha. Ine kumangolemba, mtima uli mbee, ndikuti Mulungu wandiyendera.

Lachinayi, tsiku la pemphero, ndinasesa, ndinayala mphasa zobwereka. Sipanabwere wopemphera ndi mmodzi yemwe. Amene anabwera ndi bambo wina wa chipani china, akukoka mkazi wake padzanja. Anakuwa kuti, "Inu amayi a Baibulo, mavoti athu mukugula ndi mchere? Fufutani dzina la mkazi wangayu! Mchere wanu nawu!" Anaukhuthula pamphasa anthu akuonerera.

Kuyambira tsikulo kudooko ankandiitana Mayi Mchere. Langa lokha dzina bwenzi nditapirira. Koma ankati mpingo wathu uno wagulidwa ndi chipani. Dzina la mpingo, abale anga, dzina la mpingo! Ndikanalowa bwanji muno? Ndikanawayang'ana bwanji Abusa? Mayina aja ndinawatentha, n'kumangolira kuti, "Ambuye, ndachititsa manyazi nyumba yanu."

Mvula itayandikira, kunabwera Abiti Saidi, mnansi wanga wa Chisilamu. Anati, "Amake Rute, kulira kwakwana. Chinangwa changa chatha ndi tizilombo ta kodikodi, chanu chokha n'chobiriwira. Mundigawireko mbewu." Tinapita kumunda. Tikumanga mtolo iwo anaseka, amvekere, "Mchere uja tinanyambita n'kuiwala. Mukanatipatsa izi, bwenzi tikubwerera tokha kudzafunsa kabzalidwe kake."

Mawa lake ndinakagwada kwa Abusa, ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anangoti, "Ulendo uno tiyambe ndi pemphero."

Tebulo ayi, nsalu ayi. Ndinati wofuna mbewu ya chinangwa abwere kumunda kwanga Lachinayi ndi chikwanje chake, tipemphere, tidule. Dzina alembetse akafuna yekha, kuti ndidzayendere munda wake. Anabwera ochepa, okwana mphasa imodzi. Koma Lachinayi linalo anabweranso, mbewu atalandira kale. Abiti Saidi sanalembetse, ali ndi chipembedzo chawo, koma ndi iwo ankauza amayi kuchitsime kuti kulibe za chipani kumeneko.

Manyazi sanathe onse ayi, ndikamagula mchere ogulitsa amamwetulirabe. Koma taonani kumbuyoko. Mayi uja ankakokedwa padzanja ndi uyo, dzina anabwera kudzalembetsa yekha, ndipo mtolo wa mbewu yake anaunyamula panjinga ndi mwamuna wake yemwe uja. Chitenje chija pano ndimayanikapo makaka a chinangwa, nkhope ili pansi.

Zikomo Abusa pondilandiranso. Zikomo Ambuye popukuta nkhope yanga. Amayi, ndithandizeni nthungululu, inetu ndekha mawu andithera. Aleluya!