Mchere wa a Duncan Mphepo

Malemu a Duncan Mphepo anabadwa pa 9 Juni 1971 kuno ku Simlemba, achitatu m'banja la ana asanu. Sukulu analekezera Fomu 2 mu 1989, bambo awo atamwalira n'kuwasiyira munda ndi chigafa. Fodya anamudziwa bwino, moti alimi anzawo ankawaitana kudzasankha masamba asanamange mabelo.

Pa 17 Ogasiti 1996 anamanga ukwati woyera ndi mayi Fainala Nabanda a ku Nkhamenya. Ndi awo mukuwaona pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi bokosi la amuna awo, chifukwa ena pano alamula kuti asayandikire.

Mu 2011 malemu anadwala TB, namwa mankhwala mpaka kuchira. Chaka chotsatira anayamba kuonda, kufooka ndi kuchita chizungulire akaimirira. Khungu linada mpaka nkhama, ndipo mchere ankaunyambita ngati mbuzi. Achibale munali ndi mayankho ambirimbiri, ena ulesi, ena matenda a masiku ano, koma woperekeza kuchipatala sanapezeke. Anawanyamula ndi mayi Fainala, ku Boma mpaka ku Lilongwe.

Kumeneko madokotala anafotokoza kuti pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kosaposa chala chachikulu. Tiziwalo tiwirito timatulutsa timadzi tosunga mchere m'thupi, toyendetsa bwino magazi, ndi topatsa munthu mphamvu akagwidwa ndi matenda. TB ija inali itatiwononga tonse tiwiri. Matendawa amawatcha Adisoni. Sachizika, koma womwa mapiritsi tsiku lililonse, nadya mchere wokwanira, amakalamba nawo. Akadwala malungo amawonjezera mapiritsiwo. Akawasiya, satha masabata.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri mayi Fainala sanadumphitse tsiku n'limodzi lomwe. Popita kumunda ankawanyamulira mchere m'chitini. Malemu analima, anaphunzitsa ana, nakhala mkulu wa mpingo.

Pa 3 Febuluwale chaka chino anadwala malungo, ndipo mayi Fainala anathamangira ku Lilongwe kukatenga mapiritsi owonjezera. M'mbuyo muno anatulukira achimwene a malemu, a Moffat, ndi alongo awo a Feggie, anthu amene sanapondeko pakhomopo chiyambire cha dzinja. Ataona chitini cha mchere pafupi ndi mphasa, udokotala unawabwerera pompo. Anagamula kuti ndi mdulo, kuti mkazi akuyenda njira n'kumathira mchere m'ndiwo za mwamuna. Mkazi wake uti? Yemwe nsapato zake zinathera m'makhonde a chipatala?

Anawatengera malemu kunyumba kwa a Moffat. Mapiritsi otsala anawaponya m'chimbudzi kuti asalimbane ndi zitsamba za sing'anga wawo, ndipo ndiwo anayamba kuphika zopanda mchere. Mayi Fainala atabwera anawabwezera panja, mankhwala ali m'manja. Masiku atatu anagwada pabwalo atagwira khadi la kuchipatala, koma a Moffat, amene amawerenga bwinobwino mitengo ya ku okushoni, khadi limeneli maso anawalaka. M'katimo malemu ankapempha mchere wongonyambita chabe, n'kumayankhidwa kuti ndi mankhwala a mkazi akuyankhulitsa zimenezo.

Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Chowawa n'chakuti pano nkhwangwa yagwera wina, osamvawo akhala pa mipando yakutsogolo atavala majekete. Pa 11 Febuluwale malemu anayamba kusanza, kenako anakomoka. Apo m'pamene munakumbukira kuti kuli chipatala. Anatsirizikira m'ngolo, fodya wawo akupsa m'munda.

Malemu asiya ana atatu, Sunganani, Goodness ndi Princess, zidzukulu ziwiri, ndi akazi awo amene sanawadule koma anawalumikizira moyo zaka khumi ndi ziwiri. Anawa anditumanso kuti ndinene kuti bokosi silinyamuka pano mpaka mayi awo atakhala pamutu pake. Amayi a chigwirizano, kawatengeni.

Tithokoze madokotala amene anatiuza zoona, a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi onse amene mwagona pano. A Moffat ndi a Feggie sitiwaiwala: nkhuni anatola zambiri. Ndiwo zimene munadya dzulo, mpaka ena kuitanitsa zina, mchere wake unachokera m'chitini chija. Unatsala wambiri, popeza mwini wake munamumana. Palibe wadulidwa pakati panu.

Pitani bwino, a Mphepo. Mzimu wanu uuse mumtendere kumene kulibe wokumanani kanthu.