Migolo ya Poizoni Kumtunda kwa Chitsime Chathu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Nabanda wa kwa Mavwere. Ndikuuzeni za madzi amene anatsala pang'ono kundilanda mwana.

Kumtunda kwa mudzi wathu kunali esiteti ya fodya imene inatsekedwa kalekale. Eni ake anasiya migolo ya mankhwala ophera tizilombo m'shedi. Denga linagwa, migolo inachita dzimbiri, ndipo mvula ikagwa zonse zinkatsetserekera kuchitsime chathu. Madzi ankanunkha, koma tikanamwa chiyani? Mwana wanga Tadala anayamba kusanza, thupi lonse zilonda, nthiti zili poyera.

Chimene chinkandidya mtima kwambiri ndi mlamu wanga Najere, mlongo wa amuna anga. Iye anakwatiwa tsidya la mtsinje kumene kuli mjigo, ndipo mtsinjewo ukadzaza ife sitinkawoloka ndi zidebe pamutu. Lamulungu ana ake ankabwera kutchalitchi khungu lili see, masaya onona, wanga ali kumsana ngati kamwana ka dzulo. Ndinkapemphera mano ali gwa: "Ambuye, kwaya timayimba imodzi. Iyeyu anakupatsani chiyani chimene ine ndinakumanani?" Akandipatsa moni, ndinkayankhira kumbali.

Tadala atagonekedwa kuchipatala cha ku Boma, ndinataya mtima. Najere anabwera kudzazonda, m'manja muli botolo la madzi.

"Mlamu, ndatunga pachitsime chanu," anatero. "A zaumoyo anunkhize okha. Sindichoka pano asanawaone."

Anawaonadi, nawatumiza kokayeza. Patapita masabata angapo kunabwera lole ndi anthu ovala zotchinga kumaso ndi m'manja. Ananyamula migolo yonse, anakumba dothi la m'shedi n'kupita nalo, chitsime anachikwirira, kenako anatikumbira mjigo kutali ndi malo aja. Tadala anachira. Lero amadya ngati waganyu.

Tsiku lotsegulira mjigo amayi anamuyimbira Najere nthungululu, ena mpaka kumuyalira zitenje. Kunena zoona, kamtima kanandilumanso: ana athanzi akhale ake, ulemunso ukhale wake? Koma chitenje changa ndinavula, n'kuyala, iye n'kupondapo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wansanje. Inu amene mukuona ngati madalitso amangogwera kwa anzanu, musaleke kugwada. Thandizo langa linachokera pakhomo limene ndinkalipenya ndi diso lofiira.