Mbiri ya Aphunzitsi Habtom, amene anadikira kalata zaka 21

Malemu Aphunzitsi Habtom Zeremariam, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1979 kuno ku Segeneiti. Pa masamu panalibe wowaposa, ndipo mu 1998 anapita kukoleji ku Asmara ndi mtima wodzamanga milatho.

Mu 2002 akuluakulu a boma anawatumiza pa ntchito yokakamiza yotumikira dziko, kukaphunzitsa Sitandade 4 kumudzi wina kuseri kwa Barentu. Anawauza kuti ndi miyezi 18 yokha. Chaka chilichonse ankalemba kalata yopempha kuti awamasule, yankho n'kukhala lomwelo: dikirani kaye.

Ana amene anawaphunzitsa amawakumbukira pa mafulakishoni, makamaka aja okhala ndi nambala yaikulu pamwamba. Ankatenga mikate iwiri ya kitcha, chakudya chawo chamasana, n'kudula uliwonse panayi, chidutswa chimodzi n'kuika pambali. Akalemba 7/4 pabolodi ankati, "Ana inu, chimutu chakula kuposa miyendo, nambalayi igwa! Lumikizani zidutswa zinayi, ndiye mkate umodzi wathunthu. Zatsala zingati?" Ana akayankha kuti zitatu, ankalemba 1¾ n'kuwagawira mkatewo. Iwo masana amenewo ankangomwa tiyi.

Mu 2006 anakwatira mayi Letebrhan Okbay. Mu 2015 mayiwa anawoloka malire ndi ana awiri, atagwirizana kuti bambo atsatira akamasulidwa. Aphunzitsi anzawo ambiri anathawa m'dziko muno. Malemuwa anakana, poopa kuti chilango chigwera mayi awo okalamba. Ana awo anakula akungomva mawu a bambo awo pafoni.

Lachiwiri pa 14 Novembala 2023, atangolemba 11/4 pabolodi, anagwa choko chili m'manja. Anakhala masiku asanu ndi anayi kuchipatala, maso akuona koma pakamwa posatseguka, mpaka anatisiya pa 23 Novembala.

Asiya mayi awo, Gogo Mihret, mchemwali wawo Abrehet, mkazi, ndi ana, Yodit ndi Merhawi. Tikuthokoza ansembe, anamwino, ndi makolo a kusukulu amene anawanyamula pangolo ya bulu kukafika kumsewu.

Mayi Letebrhan, tikudziwa kuti njira yobwerera kuno ndi yotseka kwa inu. A Abrehet akweza foni m'mwamba kuti mumve. Bambo tawasambitsa, tawaveka nsalu yoyera imene munawatumizira. Tsopano tikunyamuka, musadule foni.

Aphunzitsi, pitani, palibenso wokuuzani kuti mudikire. Mzimu wanu uuse mumtendere.