Madisiki Awiri, Kabati Imodzi

Olemekezeka bambo wapampando wa komiti ya laibulale, mayi mlembi, aphunzitsi aakulu a sukulu ya kutsidya kwa msewu, ojambula mavidiyo a maukwati amene mwadzaza mzere wachitatuwo, amayi ndi abambo nonse amene mwabwera ndi matepi, makadi ndi mafulashi m'zikwama zanu, landirani ulemu wanga.

Ndikuthokoza pondiitana kudzatsegula chipinda chosungiramo mavidiyo a mabanja athu, ndipo ndikuthokoza amene anapenta makomawa, amene anakoka mawaya, ndi amene ananyamula matebulo pamutu. Koma sizasi yodulira riboni mwandipatsayi ndiyamba ndaiika pansi, chifukwa ndakwiya, ndipo pa msinkhu wanga mkwiyo sindiubisanso.

Malemu amuna anga ankakonda kamera kuposa chakudya. Atamwalira anasiya mavidiyo makumi atatu ndi awiri pa kompyuta ya mwana wathu woyamba. Ndinawawerenga ndekha. Kompyutayo itadzaza, mwana wangayo, bambo wa ndevu zake, anati, "Amayi, mafayilowa ndi aakulu zedi, akudya malo. Ndiwatumiza pa foni yanu ndi ya alongo anga, aliyense akhale ndi ake."

Ndinafunsa, "Akafika athunthu?"

Iye amvekere, "Aaa, amayi inunso! Mumakayikira ngakhale kutuluka kwa dzuwa."

Anatumiza, n'kufufuta oyambirirawo. Sanadziwe kuti vidiyo yaikulu ikamadutsa m'mauthenga a pafoni imafinyidwa kuti ichepe. Imafika, inde, koma itaonda. Lero ndikatsegula ndimaona munthu wovala jekete la amuna anga, woyenda mayendedwe a amuna anga, koma nkhope ili mbuu, ngati ndikuionera pa galasi la nthunzi. Mdzukulu wanga anandifunsa, "Agogo, kodi agogo aamuna anali ndi maso?" Musaseke, kumbuyoko. Ine sindinaseke.

N'chifukwa chake komiti itanena kuti chipinda chino chizikopera vidiyo iliyonse yathunthu, osaifinya, pa madisiki awiri, ina kukhala pano ndi ina kusungidwa kwina, ndinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma m'mawa uno ndafika msanga, ndipo ndinapempha kuti anditsegulire kabati. Madisiki alipodi awiri. Ali pa shelefu imodzi, atagundana mapewa ngati mapasa, onse akumwa magetsi pa soketi imodzi. Nditakweza maso ndaona banga la madzi padenga, pamwamba penipeni pa kabatiyo. Tandiuzani, mvula ikadontha idzasankha disiki? Magetsi akabwera mwaukali adzapsereza imodzi n'kuchitira chisoni inayo? Wakuba akathyola loko adzati, "Iyi ndiwasiyire, ndi yosungira"? Awiri okhala malo amodzi, kwa ine ndi imodzi basi.

Nditafunsa, bambo wapampando anandiyankha, "Mayi, n'zongoyembekezera, tikonza mwambo ukatha." Bambo wapampando, musayang'ane nsapato zanu, yang'anani anthuwa. Mayi ali apoyo wandionetsa tepi ya mwana wake amene anamuika m'manda chaka chatha, ndipo alibe ina. Mukufuna aisiye m'manja mwanu pa mawu akuti tikonza?

Aphunzitsi aakulu anavomera kale kusunga disiki yachiwiri mu ofesi yawo yokiya. Si choncho, aphunzitsi? Mwamva nonse. Ndiye mayi mlembi, kaizimitseni bwinobwino musanazule waya. Bambo wapampando, inyamuleni. Ayi, musatume munthu, inuyo, ndi manja awiri. Jekete silichita makwinya. Ife tidikira.

Pamene akuwoloka msewu, inu ojambula maukwati ndi inu nonse mundimvere. Musafufute chilichonse kunyumba musanatsegule chimene chakopedwa pano ndi kuchionera mpaka kumapeto. Dzina la fayilo kuoneka pa kompyuta si umboni. Umboni ndi nkhope yooneka maso ndi mawu omveka. Ndipo disiki ya kusukuluyo izibwera mwezi ndi mwezi kudzatenga zatsopano, n'kubwerera tsiku lomwelo, isagone kuno.

Eya, ndikuwaona pa zenera bambo wapampando, alowa pa geti la sukulu. Mayi wa tepi, bwerani kuno kutsogolo, muyambe ndinu.

Tsopano ndi mtima wotsika ndikudula riboni, ndipo ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.