Ntchafu pa Tsamba la Mtedza

"Ntchafu ija ndi ya ndani, alamu? Yankhani pompano, anthu amve!"

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Yesu. Mawu ndayamba nawowo si anga ayi. Anandikalipira nawo alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, pa depoti pa Mponela, dzuwa lili paliwombo, makondakitala atasiya kuitanira anthu n'kumandiyang'ana. Ndikufuna kuchitira umboni pa nkhani imeneyo. Ambiri munaimva kale, musandipusitse ndi nkhope zofatsazo. Koma munaimva yopotoka. Mayi akunyumba ndi awo ali apo, ndipo ndi iwo andilamula kuti ndiinene yonse.

Mukundidziwa, ndine wa mtima wapachala. Ndine mlangizi ku bungwe lina la alimi a mtedza ndi soya, ndimayenda pa njinga yamoto kuyambira ku Bowe mpaka kumapiri a Ntchisi. Kunabwera bwana watsopano, wa nsapato zosongoka, akuti mapepala atha ntchito, zonse tizisunga kumitambo. Ine mitambo ndimadziwa ya mvula ndi imene adzabwerepo Ambuye, koma iwo ankanena nkhokwe ya pa intaneti, mokhala mafoda. Ndiye palinso tsamba la ofesi limene tonse timawerenga ndi kulembapo, amalitcha wiki. Osati wiki ya Lolemba mpaka Loweruka ayi. Bwanayo anaitana munthu ku Lilongwe kudzalumikiza ziwirizi. Ukajambula munda ndi foni ya ntchito, chithunzi chikwera chokha ku foda, kuchoka ku foda chikadzipachika chokha pa wiki pansi pa dzina lako, kenako mafoni a ofesi yonse alira kuti tii! Popanda munthu kukhudza.

Ndinafunsa kuti, "Bwana, chinthu chopanda maso chidziwa bwanji chimene chanyamula?"

"A Gomani, inu ndi akale," anatero, ofesi yonse n'kuseka.

Tsono mayi akunyumba anatuluka chotupa mwendo uwu, kumtunda kwenikweni, cham'kati chosaonekera bwino kunja. Kuyenda movutika, kugona movutika. Mwana wathu wamkazi, Tadala, ndi namwino ku Lilongwe, anati, "Adadi, jambulani malowo nditumizireni ndione." Kafoni kanga kamajambula ngati muli chifunga. Ndinatenga ya ntchito. Mayi anakweza chitenje, ndinajambula, ndinamutumizira mwana, nkhani yatha.

Abale, nkhani sinathe.

Mawa lake ndikulowa mu ofesi, anthu onse zii. Dalaivala akudziluma mlomo. Kutsegula wiki ija, pa tsamba langa, pansi pa mutu woti "Matenda a mtedza ku Bowe," pakati pa masamba opiringizika ndi kadukutu, pali ntchafu. Nkhope palibe. Ntchafu yokhayokha, ndi dzina langa pamwamba.

Asa! Ndinafufuta msangamsanga. Ndisanamalize kapu ya tiyi, mafoni onse tii! Yabwerera. Ndinafufutanso. Tii! Inu alimi mumadziwa kaufiti m'chimanga, kuti ukathothola maluwa okha wangodzivuta. Muzu unali ku foda kuja, ndipo kumeneko alangizi sitiloledwa kufufuta kanthu. Kiyi ali ndi bwana yekha. Ndiye ndikachotsa, makina aona kuti pa tsamba pasowa kanthu, abwezeretsa, n'kuitananso anthu kuti bwerani mudzaone. Chinthu chopanda manyazi! Ngakhale galu amayang'ana kumbali.

Ndinalowa kwa bwana. "Chotsani chija."

Anatsamira pa mpando, akumwetulira. "Iyi ndi nkhani ya khalidwe, a Gomani, chithunzicho ndi umboni. Tiuzeni kaye mwini mwendo."

Dzanja ili, abale, ili, linali litakunga kale chibakera. Pa desiki panali chomenyera mapepala chachitsulo, ndinachiyang'ana, ndinayang'ana mphumi yawo. Ndinamva ngati wina wandigwira pa chigongono. Ndinatuluka osamenya munthu. Amene mumandidziwa nenani ameni, chifukwa chimenecho chokha ndi chozizwitsa.

Koma tamvani msampha wake. Ndikanena kuti mwendowo ndi wa mkazi wanga, ndiye kuti dalaivala, mlonda, anyamata olemba malisiti, onse aona ntchafu ya mayi wa Mvano, mayi wa ana akuluakulu. Azikumana nawo pa msika, kuwapatsa moni mwaulemu, m'mutu muli chithunzi. Ndikakhala chete, ndiye kuti a Gomani ali ndi kachibwenzi ku Bowe. Ndinasankha kukhala chete. Ine, wolongolola ine.

Ndipo chimene chinandinyansa kuposa makina ndi anthu. Makina alibe mzimu, nanga anthu obatizidwa? Amuna a ndevu zawo kumakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, kumakambirana kuti ameneyu ndi wonenepa bwino. Nkhani inatuluka mu ofesi, inakwera minibasi, inafika m'makwaya, inafika mpaka muno. Ena a inu munasiya kundipatsa dzanja pa khomo paja. Sinditchula maina, Mulungu ali nawo.

Ndi mmene alamu anga anandipezera pa depoti. Ndinangowayang'ana, ndinakwera njinga, ulendo wa kunyumba. Ndinapeza uthenga wandipitirira, mayi atakhala pa mphasa, zovala atamanga kale m'chitenje. Ndinagwada, chinthu chimene sindinachitepo chikwatirane, ndinawauza zonse.

Mayi anayang'ana mwendo wawo. Kenako anati, "Ndiye anthu onsewo aona mwendo wanga?"

"Aona."

"Ndipo inu mwalola kutchedwa wachigololo?"

"Ndalola."

"Ndinu opusa, bambo a Tadala," anatero, misozi ikutsika. "Tiyeni tipemphere, kenako mulize njinga yanuyo."

Madzulo omwewo, ofesi isanatsekedwe, mayi analowa akutsimphina, atagwira phewa langa. Sanakweze mawu. Anaima pamaso pa bwana, anthu onse akumva, anamenya mwendo wawo ndi chikhatho.

"Mwana wanga, mwendo mwaupachika uja ndi uwu. Uli ndi chotupa. Poti mwauyang'anitsitsa nonse masiku onsewa, ndiuzeni mankhwala ake."

Abale, simunaone amuna akusowa poika maso. Dalaivala anatuluka ngati waitanidwa. Bwana thukuta kamukamu, anakhala pa kompyuta, anazula chithunzi chija ku foda komwe, muzu ndi muzu. Tinadikira. Palibe foni inalira.

Manyazi amene ndinkawabisira mkazi wanga, Mulungu anawanyamula n'kuwasenzetsa eni ake. Ndikuthokoza Yehova amene anagwira chigongono changa, chifukwa lero bwenzi mukundiyendera ku ndende. Ndikuthokoza chifukwa cha mayi awa, amene ali ndi mtima woposa wanga. Amayi, nthungululu zili kuti? Imbani, musaumire! Abambo, m'manja! Inunso amene munafalitsa, ombani, ndakukhululukirani, ngakhale mumandinyansabe pang'ono. Abusa andithandiza pamenepo.

Chithunzi chija chitazulidwa, m'mawa mwake ndinalawirira ku ofesi. Ndinakoka mpando, ndinakhala pa khomo la bwana, ndinati sindipita kumunda mpaka munthu wa ku Lilongwe uja aimbiridwe foni. Anamuimbira. Ndinamuuza ndekha, mopanda Chingerezi, kuti chithunzi chikafika ku foda chiziima pomwepo, mwini wake achione ndi maso, avomere, ndiye chipite pa wiki. Anati zimenezo zichedwetsa ntchito. Ndinati ichedwe. Atakonza, ndinajambula phazi langa, losweka ming'alu ili, tonse n'kumadikira. Silinatuluke. Ndinasiya foni ya ntchito pa desiki pa bwana, ndinakatenga mayi, ndinawakweza pa njinga, kupita nawo ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga kuti mwendo uja akauone oyenera kuuona.