Mapiritsi a Che Twaha ankamwa anthu awiri

Malemu Che Twaha anabadwa pa mudzi wa amayi awo ku Nkhotakota m'chaka cha 1899. Ine ndaima panoyu ndine Abbasi, mwana wa mlongo wawo. Mundikhululukire, lero sindili ndi chisoni chokha, ndilinso ndi mantha.

Malemuwa anaphunzira ku madrasa mpaka kutha kuwerenga Kurani. M'chaka cha 1926 anakwatira mayi Zubeida, ndipo m'chaka cha 1934 anabwera kuno ku Chisemphere pamodzi ndi mng'ono wawo, Che Hamdani, nkutsegula sitolo. Nonse olima fodya mukudziwa kuti msika ukatsegulidwa, nsalu, mchere ndi parafini munkakagula kwa iwo. Anali munthu wathupi, wokonda tiyi wakuda bii ndi fodya wa m'mphuno, ndipo ndiwo akazilawa ankafunsa ngati mchere watha m'sitolo.

M'chaka cha 1954 Mulungu anawalola kupita ku Haji. Ali ku Makka anakomoka padzuwa. Dokotala wa kumeneko anawagwira pamkono nawauza kuti mtima wawo sukugunda mwa dongosolo. Unkathamanga, kudukiza, kuthamanganso, ngati mwana wophunzira ng'oma. Anati matendawa ngochuluka ngakhale kwawoko, amakonda achikulire, onenepa ndi othamanga magazi, komanso amatsata mtundu. Choopsa chake, anatero, magazi amatha kuundana mumtimamo nkukatseka kumutu.

Atabwerera anayamba kupita kuchipatala cha ku boma mwezi ndi mwezi. Ankawapima nkuwapatsa timapiritsi tating'ono toti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Fodya uja anasiya, mchere anachepetsa modandaula, ndipo tinawaona akupezako bwino.

M'chaka cha 1957 miyendo inayamba kutupa. Kuchoka kusitolo kufika ku mzikiti ankapumira panjira. Adokotala ankadabwa, poti malemuwa ankanenetsa kuti mankhwala akumwa. Loweruka lapitali, m'mwezi uno wa Juni 1958, akuyeza nsalu, mkono wamanja unagwa wokha, pakamwa panapotoka, mawu anatsekeka. Dzulo m'mawa anatisiya.

Tsono abale, chimene tamva dzulo lomwelo kwa mayi Zubeida ndi ichi. Matenda omwewa anawayambanso Che Hamdani chaka chathachi. Iwo anakana kwamtuwagalu kupita kuchipatala, poopa kuti akakafera kumeneko thupi lawo akaling'amba, nkuchedwetsa maliro, zimene ife Asilamu timaziopa kuposa imfa yeniyeniyo. Malemu sanawakakamize. Chibale ndi fupa, sichiola. Anangoyamba kugawana nawo mapiritsi aja, lero mkulu, mawa mng'ono, monga ankagawanira china chilichonse. Kaya malemuwa akanamwa okha mapiritsi onse akanakhala ndi moyo, ine sindidziwa, sindine dokotala. Chimene ndikudziwa nchakuti wokatenga mapiritsiwo ndi uyu wagona apayu, ndipo m'kabotolo mulibe kanthu.

M'mawa uno ndinawagwira amalume Che Hamdani pamkono powadzutsa pamphasa. Mtima wawo ndinaumva m'zala zangamu ukudukiza chimodzimodzi. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala, koma anati sachoka pakhomo la mkulu wawo mpaka sadaka ya arubaini itachitika, masiku makumi anayi atakwana. Mwambo ndikuudziwa ndipo sindiunyoza. Komabe ndikuopa kuti mpunga wa sadakayo tidzaphikira anthu awiri.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Zubeida, ana awiri, Nuru ndi Esime, zidzukulu, ndi mng'ono wawoyu. Tikuthokoza ashehe ndi onse osambitsa thupi, okumba manda, amayi amene mwatunga madzi, ndi anansi athu Akhristu ochokera ku Lisasadzi amene mwasiya fodya wanu m'zigafa. Mwapadera tikuthokoza bambo Amosi, amene anatibwereka ngolo yonyamulira malemuwa Loweruka lija, ndipo anena kuti ng'ombe azimanganso mawa tikafuna.

Amalume Che Hamdani, si ulemu kuti mwana atchule nkhani yanu pagulu, ndikudziwa, ndipo mudzandidzudzule mutachira. Ndanena dala pamaso pa ashehe ndi akuluakulu kuti akumasuleni, mukwere ngoloyo mawa kupita kuchipatala. Sadaka tikonza ife. Kwa Nuru ndi Esime, bambo amene watsala ndinu.

Mulungu awakhululukire Che Twaha, awalandire, mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ause okha kaye.