Chitseko cha Ada Mhone

Zaka zija ndinkaphunzitsa masamu pakhonde panga kumtunda kwa msika, inu musanabadwe, kunalibe mafoni amene mukudinawa. Sayini, kosayini ndi tanjenti tinkazifufuza m'kabuku ka manambala, chala chili pamzere, ndipo ana ankabwera Loweruka lililonse mayeso akayandikira.

Loweruka lina kunabwera Ada Mhone, kalipentala, bambo wake wa Tamara, mtsikana amene ndinkamuphunzitsa. Anati chitseko changa chikukhula pansi. Ine sindinawaitane, ndipo chitsekocho chinalibe vuto, koma ndinawasiya apale. Sabata yotsatira anabweranso, ati mahinjesi. Inayo, ati loko. Ndipo ndinaona kuti ndikangojambula makona atatu pabolodi, hamala inkaleka kulira.

Akazi awo ndi amene anandinong'oneza chifukwa chake kumsika. Kumene amuna awowo ankagwira ntchito anawauza kuti akalepheranso mayeso a ukalipentala ntchito itha, ndipo chinkawagwetsa ndi masamu a denga. Denga ankalikhoma bwino ndi diso, koma papepala ayi. Inu lero mumafunsa foni muli nokha, palibe wokusekani, koma nthawi imeneyo bambo wa ndevu zake kukhala pabenchi limodzi ndi mwana wake, anthu akanaimva nkhaniyo mpaka kudoko la kunyanja. Ndinawamvera chisoni. Ndinangotembenuzira bolodi kuchitseko, n'kumakweza mawu ngati ana anga ndi ogontha, ndipo zitsanzo zonse zinasanduka za madenga.

Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Tikudziwa theka la m'lifupi mwa nyumba, tikudziwanso ngodya ya denga. Kutalika kwa phaso tikupeza ndi chiyani?"

Ana anayamba kufufuza m'kabuku kaja. Kenaka mawu anachokera kuchitseko: "Tanjenti."

Anali atalakwa. Anyamata anayamba kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo Ada Mhone anayamba kulonga zida m'thumba. Mtima wanga unagwa, chifukwa ndinadziwa kuti akatsika masitepe a khondelo sabweranso.

Tamara anasendera kumapeto kwa benchi. "Ada, tanjenti ikupatsani mtengo woimirira pakati uja. Phaso ndi mbali yaitali, ndiye timagawa ndi kosayini. Khalani apa ndikuonetseni, inenso chinandivuta."

Bamboyo anaima kanthawi thumba lili m'manja. Kenaka analiika pansi, nasasa utuchi pabuluku, nakhala. "Yewu, mama," anatero pothokoza mwana wawoyo, ndipo anapempha pensulo. Sindinamvenso wina akuseka.

Mayeso aja anakhoza, ndipo ntchito anaigwira mpaka kupuma.

Tsono inu ana anga, munthu wamkulu akamazungulira pafupi ndi mabuku anu ngati ali ndi ntchito ina, musamufunse chimene akufuna, pakuti sangakuuzeni. Ingosenderani pang'ono, mumusiyire malo pabenchi.